Mlaliki Amene Anakana Maliro

Khalani pansi, abale anga, musandiimirire. Munthu mukumuimirirayu anagonapo m'ndende, ndipo sanagonemo chifukwa cha Uthenga ayi. Anagonamo chifukwa chothyola mkono wa munthu ndi khasu, pa maliro a mwana wake yemwe. Dzina langa ndine Lameki, kwathu ndi kwa Kabudula. Mabenchi mwakhalapowa ndinakhalapo inenso, ndipo abusa a Zefaniya ali pakhomowa ndiwo anandiphunzitsa zaulaliki monga akuphunzitsirani inu. Andiitana kuti ndiyankhule nanu musanamwazikane kupita kumidzi kumene akutumizani, ndipo akuti ndinene zonse mosapsatira. Ena mwa inu ndakuonani kale manja polowa muno. Ali ngati anga.

Ine dzanja linali lofulumira chibadwire. Ndisanatembenuke mtima ndinali kapitawo pa esiteti ina ya fodya cha ku Namitete, ndipo chikoti cha mvuu sichinkachoka m'khwapa. Munthu akabwera ndi fodya wowola, ndinkayamba ndamukwapula, mafunso pambuyo. Tsiku limene ndinabatizidwa ndinakataya chikoticho m'chimbudzi, amayi akuimba ndi kululutira. Koma dzanja ndinabwerera nalo kunyumba.

Pasukulu pano ndinali wakuthwa, sindinama. Mavesi ndinkangowameza ngati mtedza wokazinga. Mnzanga akamafufuza tsamba, ine ndinali nditatchula kale. Abusawa anali ndi mawu awo aja amene inunso mwatopa nawo: "Vesi lili ndi abale ake, usalitenge lokha. Werenga za kumbuyo, werenga za kutsogolo. Akuyankhula ndani? Akuuza yani? Pachitika chiyani pamenepo?" Ine mumtima ndinkati mkuluyu akutichedwetsa, anthu akutayika kumidziku. Paja Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo Ndadziwakale wa kalasi yathu ndinali ine. Tsiku la ulaliki woyesa, pamene wophunzira amalalikira anzake iwo nkumamutola zolakwa, ndinagunda tebulo mpaka thabwa linang'aluka. Nditakhala pansi abusa anati, "Walalikira, Lameki. Kungoti ndimayembekeza kuti utimenya." Kalasi yonse inaseka, ine nkumayesa andiyamikira.

Ananditumiza kufupi ndi Nsaru, zaka zija Chitaganya chitangoyamba, ndipo mudzi wake unali kwawo kwa mkazi wanga Nabanda. Choncho ndinali mlaliki, ndinalinso mkamwini. Tinali ndi mwana mmodzi, Malita, wongoyamba kumene kusenza kamtsuko potsatira amake kuchitsime. Madzi ankafika nawo theka, ena atamuthera m'malaya, koma ankafuna kuti ababa amwe a m'kamtsuko kake basi. Akhristu m'mudzimo anali ochepa, ambiri amayi ndi nkhalamba, poti anyamata anali ku Joni ndi ku Halale. Ena onse anali a gule. Tinkasiyana pa zambiri, koma pa maliro mudzi unali umodzi. Mukudziwa kuti kwathu kuno mwini maliro sakhudza khasu. Osambitsa mtembo, okumba ndi onyamula ndi adzukulu, anthu a mbumba ina. Lero akukumbira iwo, mawa ukawakumbira iwe. Mkulu wa adzukulu amene ankaika maliro a kwawo kwa mkazi wanga anali a Nthala, bambo wamtali, wa gule weniweni, wokonda kuseka anthu pa maliro monga achitira adzukulu.

Chinkandiwawa kuona Akhristu anga atakhala mphasa imodzi ndi anthu a ng'oma. Ndinafuna vesi lowaletsera, ndipo ndinalipeza. Ndi paja Ambuye anauza munthu wina kuti asiye akufa aikane okhaokha. Kumbuyo sindinawerenge, kutsogolo sindinawerenge. Lamulungu ndinakwera nalo paguwa ndi kulamula kuti Mkhristu asapondenso pa maliro a wakunja: osakhuza, osaphika, osagonako. Mkulu wina wa mpingo, nkhalamba yoyendera ndodo, anandidikira panja. "Alaliki, maliro n'kulirana," anatero. Ndinamufunsa kuti zimenezo zalembedwa pa chaputala chanji. Anangoyang'ana pansi nkumapita.

Kuyambira pamenepo zinthu zinathamanga. Ndikapeza masamba pamsewu, chizindikiro choti pali zovuta, sindinkatsika panjinga. Ndinkadutsa ndikuliza belu. Anyamata a kalasi ya ubatizo amene anakatola nkhuni pa maliro ndinawagoneka pabenchi ndi kuwakwapula ndi ndodo ya bulugamu mpaka akabudula ananyowa. Tsiku lina ndinapeza amayi a mpingo akuphika pa maliro a munthu wa gule. Ndinakankha miphika ndi phazi, madzi owira anakhuthukira gogo wina kumiyendo, khungu linasupuka ine ndikuona. Sindinapepese. Ndinamuuza kuti moto wa kutsogolo ndi woposa pamenepo. Akulu a mpingo ankandiopa, kumishoni kunali kutali, ndipo ine ndinkagona tulo tabwino poganiza kuti ndikugwira ntchito ya Mulungu.

Kenaka anamwalira atsibweni a mkazi wanga, amene anamulera. Ndinamuletsa kupitako. Nabanda anangomanga duku nkugwira mwana padzanja. Ndinamulondola. Ndinalowa m'nyumba ya siwa, momwe amayi anazungulira mtembo, malo oti mwamuna salowamo chisawawa, ndi kumukoka ndi duku lomwelo mpaka pabwalo. Ndinamumenya pamaso pa abale ake. Chibakera choyamba chinamugwetsa, chachiwiri chinamugulula mano akutsogolo. Malita anandigwira mwendo wa buluku akulira, "Ababa, asiyeni amama." Ndinamukutumula, anakagwera pafumbi. Amuna anadzuka ndi mipini, koma a Nthala anakweza dzanja.

"Asiyeni. Mtembo tili nawo umodzi, watikwanira." Kenaka anandiyang'ana ine. "Alaliki, kwanu sikufa anthu, eti?"

Kuyambira tsiku limenelo m'mudzi munalibe wondipatsa moni. Nabanda ankangondiikira chakudya pakhonde osayankhula, ndipo Malita akandiona ankabisala kuseri kwa nkhokwe. Kamtsuko kaja sikanabwerenso kwa ine. Nayenso ndinamukwiyira, kamwana kotero, ndikuti amake amuphunzitsa mwano.

Mvula itayamba kunabwera chikuku. Chinalowa nyumba ndi nyumba, ndipo Malita chinamutenga madzulo ena, mutu uli pamiyendo ya amake. M'mawa mwake dzuwa linakwera, amayi akulira m'nyumba, koma palibe amene anabwera kudzandiuza kanthu. Ndinayang'ana Akhristu anga: nkhalamba zosatha kukweza khasu, ndi amayi amene ndinawaletsa ndekha kulira ndi anzawo. Mtima unayamba kuwira. Ndinanyamuka kukafuna adzukulu.

Ndinawapeza pansi pa mkuyu, pa njira ya kumanda, ali phee, makasu ali pakati pa miyendo, akupatsirana fodya wamphuno.

"Alaliki, kodi mwasochera?" anatero a Nthala. "Kuno ndi kwa akunjatu."

"Mwana wagona m'nyumba chiyambire dzulo. Mukudikira chiyani?"

"Tikudikira akufa. Paja munatiphunzitsa kuti aziikana okha. Tawatumizira uthenga, koma sanayankhebe."

Anzawo anaseka chapansipansi. Ine makutu anayamba kulira.

"A Nthala, musandiyese."

"Sitikukuyesani. Pali mawu amodzi aafupi, ngakhale mwana amawadziwa. Munene amenewo, mugwire kankhuku, basi. Kapena kusukulu kuja sanakuphunzitseni?"

Ndinawalanda khasu. Mpini unali woterera, unandipaka m'manja, koma sindinayang'ane. Ndinalikweza ndi manja awiri. Iwo anatchinjiriza ndi mkono wamanja, ndipo fupa linalira ngati nkhuni youma. Ndinabwereza, khasu linawang'amba paphewa, anagwa chagada, mkono uli lendelende. Ndikanabwerezanso, lero bwenzi mukungomva kuti kunali mlaliki wina amene anamunyonga ku Zomba. Amuna aja anandigwera. Mipini, zibakera, zidendene. Chipsera chili pachipumichi ndi cha tsiku limenelo. Anandimanga ndi luzi manja kumbuyo, nkundikwekwereza mpaka kubwalo la mfumu yaikulu, ndipo amesenjala ananditenga tsiku lomwelo kupita kuboma. Tikutuluka m'mudzi ndinamva kulira kwa amayi kumbuyo. Ndinafunsa, "Nanga mwana wanga aika ndani?" Mesenjala anandikankha ndi ndodo nati, "Yenda."

M'ndende funso limenelo linandidya kuposa nsikidzi. Palibe anabwera kudzandiona, palibe anatumiza mawu. Ndikatsinzina ndinkaona Nabanda akukumba yekha ndi kakhasu ka kudimba. Ndinkaona dzenje losaya, afisi akufukula. Ndipo mukudziwa ntchito imene anandipatsa? Anthu omwalira kuboma opanda abale amaikidwa ndi akaidi. Ine amene ndinakana maliro ndinkakumba manda a anthu osawadziwa ndi dzina lomwe, popanda nyimbo, popanda wolira, woyang'anira atakhala pamthunzi akusuta. Tsiku lina mkaidi mnzanga anati, "Paja inu ndinu alaliki, tanenani kanthu tisanakwirire." Ndinafufuza m'mutu monse, m'mutu modzaza mavesi muja, osapezamo ngakhale limodzi loti nkunena pa dzenje. Ndinamumenya ndi fosholo, anandiwonjezera miyezi.

Nditatuluka ndinapeza mpingo unandichotsa kale, ndipo kuchikamwini anatumiza mawu akuti mkamwini wawo anafa. Ndinapitabe. Ndinalambalala nyumba nkulunjika kunkhalango ya kumanda, masana dzuwa likuswa mtengo. Sindinafike. Kumanda kwathu kuno mlendo salowako yekha, ndipo anyamata a gule anandigwira ndisanaponde m'mitengo. Anandiswa mlomo, anandithyola nthiti. Ndili pansi ndinawapempha, "Mungondiloza pamene wagona mwana wanga." Wina anandiponda pakhosi. "Kafunseni amene munamuthyola mkono," anatero.

Kufunsako sindinathe. Kunyada kunali kukadalipo, ngakhale ndikulavula magazi. Ndinakakhala ku Mpingu, m'mbali mwa msewu, ndikudula nkhuni zofukizira fodya, zimene ndapeza nkumwera kachasu. Njinga inapita, jekete linapita. Pamowa ankandigulira kambale kuti ndiwatchulire mavesi, iwo nkumaseka. Akaseka kwambiri, ndewu. Pali bambo wina kumeneko amene khutu lake ndinaliluma, ndipo mpaka lero amavala chipewa chophimba mbali imodzi. Buku langa ndinayamba kuling'amba tsamba limodzilimodzi popichira fodya wa chingambwe, poti pepala lake ndi lopyapyala. Ndikunena izi pamaso pa abusa, ndipo manyazi akundigwirabe.

Kumeneko ndiko anandipeza abusa a Zefaniya. Linali tsiku la msika, chakumasana, ndili gone kuseri kwa nyumba ya mayi wotcheza kachasu, diso limodzi litatsekeka ndi kutupa. Anatsamiritsa njinga pankhokwe, anagubuduza mtondo nkukhalapo. Sanapemphere, sanandikalipire. Anapempha madzi kwa mayi uja, anamwa, otsala anandipatsa.

"Lameki, ndabwera ndi funso la m'kalasi," anatero. "Pa maliro a Ambuye, adzukulu anali ndani?"

"Ndisiyeni, abusa."

"Unali wakuthwa iwe. Adzukulu anali ndani?"

"Ophunzira ake."

"Werenga." Anatulutsa Buku lawo m'thumba, anatsegula, nkundiikira pamiyendo.

Zilembo zinkavina. Ndinawerenga pang'onopang'ono, ndikuloza ndi chala. Ophunzira aja munalibemo, anali atamwazikana. Amene anakapempha mtembo anali munthu wa m'bwalo lomwe lija linamuweruza, ndipo womuthandiza anali mnzake wa komweko, amene ankaopa kuonekera poyera. Iwo ndiwo anatsitsa, anakulunga m'nsalu, ananyamula, ndipo manda anali a mmodzi wa iwo.

"Anali a m'gulu lija linkayenda naye?"

"Ayi."

"Nanga Ambuye atauka, anadandaula kuti anamugwira anthu olakwika?"

Anatsegula pena. "Apa akumana ndi maliro pa chipata cha mudzi, mwana wa mayi wamasiye. Werenga. Kodi anadutsa akuliza belu?" Ndinawerenga. Ambuye anaima, anamva chisoni, anakhudza chithatha chonyamulira mtembo. "Anayamba wafunsa ngati mayiyo analowa kalasi?" Kenaka anatsegula pa vesi langa lija, nati ndiyambire pamwamba pa tsamba. Ndinaona kwa nthawi yoyamba kuti panjirapo panali anthu angapo, aliyense ndi chifukwa chake chozengerezera, ndipo Ambuye ankayankha munthu mmodzi amene anamuitana kuti anyamuke tsiku lomwelo. Silinali lamulo la mudzi. Silinali la Nabanda, silinali la gogo wa miyendo yopsa uja.

Mkwiyo unandikwera. Ndinadzambatuka ndi kuwagwira kolala, chibakera chili m'mwamba. Mayi wa kachasu anathawira m'nyumba. Taonani msinkhu wa abusawa, ndikanawapinda pawiri. Iwo anangondiyang'ana m'diso lotseguka lija.

"Menya," anatero. "Ukatha uwerengebe, sunamalize chaputala."

Chibakera chinakhala m'mwamba nthawi yaitali. Kenaka anawonjeza motsitsa mawu, "Nanenso ndili ndi gawo langa. Dzanja lako ndinaliona m'kalasi, ndinalisandutsa nthabwala, nkukutumiza kwa anthu." Pamenepo ndinawasiya kolala. Ndinakhala pafumbi ndi kulira mokweza, kulira kumene sindinalire pa maliro a mwana wanga. Ndinawauza kuti sindidziwa pamene Malita anagona, sindidziwa ngati anaikidwa n'komwe. Anandisiya ndilire mpaka mawu anasasa. Kenaka anati, "Amene akudziwa ukumudziwa. Koma sungapiteko ndi mpweya wa kachasu, ndi dzanja limenelo. Kwera kumbuyo kwa njinga."

Kubwerera kunali kwapang'onopang'ono, ndipo musayese kuti kunali kokoma. Ndinkagona m'khitchini mwawo ndi kulima kumunda kwawo. Thupi linkafuna kachasu mpaka mano kugundana. Amayi abusa ankandimwetsa thobwa nkubisa njinga. Pasukulu pano ndinakhala pa benchi yakumbuyo iyo, pa chilango, osaloledwa kutsegula pakamwa. Wophunzira wina anandinong'oneza kuti, "Adzukulu, mwadzuka bwanji?" Ndinamuwomba mbama, khutu linatuluka magazi. Abusa sanandithamangitse, koma ananditumiza kukamutungira madzi osamba ndi kumuchapira malaya mpaka anachira, anzanga akuonerera. Zinandiwawa kuposa ndende.

Vesi lililonse limene ndinaloweza kale abusa anandilamula kulibwezera kwa abale ake, kuwerenga chaputala chonse ndi kufotokoza m'mawu anga kuti pankachitika chiyani. Ambiri mwa mavesi amene ndinkamenyera anthu ndinapeza kuti ankanena za anthu ngati ine, odziyesa olungama. Atandilola kuyankhula, sanandipatse guwa. Ankanditumiza kwa amayi oswa mtedza pakhonde kuti ndikhale nawo pansi, ndiswe nawo, ndi kuwasimbira nkhani imodzi ya m'Malembo osakweza mawu. Madzulo ankapita kukawafunsa zimene amva. Akapeza kuti amayiwo angokumbukira zoti ndinakwiya, mawa lake ndinkabwererako. Anandipatsanso lamulo limene ndimasunga mpaka lero. Vesi likandiyabwitsa dzanja, likandionetsa nkhope ya munthu amene ndikufuna kumulasa nalo, sindikwera nalo paguwa Lamulungu limenelo. Ndimayamba ndapita kwa munthuyo kukamva za kwake.

Ndinatuma ankhoswe kwa Nabanda. Yankho lake linali lalifupi, anati mano sabwerera. Anakana kubwererana nane, ndipo sindimuimba mlandu. Pano ali pa banja lina. Za manda anati iye si mwini nkhalango. Gogo wa miyendo yopsa ndinapeza atamwalira kale, chipepeso changa ndinachisiya kwa ana ake, amene sanandiyalire ndi mphasa yomwe.

Ndiye ndinayamba kuyenda maliro a m'mudzi muja. Ndikamva kuti kwagwa zovuta, kaya ndi wa mpingo kaya wa gule, ndinkanyamuka wapansi nkukakhala kumapeto kwa amuna. Palibe ankandipatsa moni. Wina anandilavulira pa shati, mwala wina unandipeza kumsana. Dzanja linkayabwa, abale, linkayabwa zedi, ndipo ndinkalikhalira, kulipanikiza pansi pa ntchafu mpaka lichite dzanzi. A Nthala ndinkawaona chapatali. Mkono unapola mokhota, wouma, chikhatho chitapindikira m'kati. Sankagwiranso khasu, ankangoloza anyamata pokumba. Ndikawayandikira ankatembenukira kwina. Ndinkatola nkhuni, ndinkatungira madzi adzukulu, dzinja linatha, chilimwe chinatha. Tsiku lina khasu linagwa pa mapazi anga. Sindinaone amene analiponya. Ndinatsatira adzukulu kulowa m'nkhalango, ndinakumba mpaka matuza anaphulika.

Titakwirira, anthu akubwerera kumudzi, a Nthala anati, "Alaliki, tsalani."

Tinatsala awiri. Ndinagwada pamasamba ouma. "A Nthala, pepani."

"Mwawapeza mawu aja? Mwachedwa nawotu." "Nkhuku ndidzalandira, koma nkhuku siwongola mkono. Dzukani."

Ananditsogolera pakati pa mitumbira mpaka pa kamtumbira kakang'ono pansi pa muwanga, udzu utamera. Pamwamba panali kamtsuko kovundikira, koboola pansi. Ndinakazindikira.

"Apa," anatero.

Ndinagwira dothi ndi manja onse awiri. Kenaka ndinafunsa, "Anakumba ndani?"

"Ife. Nanga akanakumba ndani?"

"Nditakuthyolani mkono, anzanu anavomerabe kukumba?"

A Nthala anaseka, koma sikunali kuseka kwa chidzukulu kuja. "Inu alaliki, kuwerenga kumakuvutanidi. Manda awa tinakumba m'mamawa, musanabwere pa mkuyu paja. Atsibweni a mwana anatiloza malo, tinakumba, tinamaliza, nkukhala pansi kuti tipume. Mwana analibe mlandu ndi munthu. Ife timangofuna timve pakamwa panu. Khasu munandimenya nalo lija, simunaone kuti linali ndi dothi?"

Ndinakumbukira mpini woterera uja. Ndinakumbukira manja anga ofiira amene ndinakasamba kuboma ndikuyesa kuti zonsezo ndi magazi. Anali katondo wonyowa wa m'manda a Malita.

"Pansi penipeni ndinasalaza ndine," anatero, akukweza mkono wokhota uja ndi dzanja linalo. "Ndi manda omaliza amene dzanja ili linakumba."

Abale anga, mpingo unandibwezera, ndipo ndikulalikiranso cha ku Nambuma uko. A Nthala sanatembenuke, musayembekeze kuti nkhaniyi ithera pa ubatizo. Akadali a gule, amandisekabe. Ndikamawasimbira za Ambuye amamvetsera mpaka pamene afunira, kenaka nkundifunsa ngati ulendo uno ndawerenga zonse. Kumene mukupitako mukapeza anthu okwiyitsa, ndipo vesi lowalasira mukalipeza, silisowa. Ine sindinali woledzera tsiku limene ndinakweza khasu lija. Ndinali ndi jekete, ndi Buku m'thumba, ndi vesi pakamwa. Choncho musamadziyese otetezeka chifukwa simumwa. Mukakaona masamba pamsewu, katsikeni panjinga.

Abusa, ndathera pamenepa. Mundikhululukire, pa chakudya chamadzulo sindikhalapo. Mvula yagwa, ndipo munda wa a Nthala ukudikira kupalira. Chiyambire chaka chija, wolima ndine.